Chifukwa Chake Phanga Limangobweza Mawu

Mwandida, bwera nalo pano licherolo. Iwe Fatsani, mtedzawo ndi wokazinga wa paulendo. Ukautha lero, Loweruka ukatafuna chala chako. Khalani pansi nonse, manja azisenda, makutu ali kwa ine.

Mayi anu andiuza kuti chinenereni ine kuti ndikutengani kukaona mapanga a kunkhalango yotetezedwa ija, nyumba ino mulibenso nkhani ina. Galimoto yapezeka, tochi zilipo, ndipo bambo wotilondolera ndalankhula naye kale. Koma ndamva Fatsani akudzitama kwa anzake kuti akakangolowa m'phangamo akakuwa dzina lake kuti amve phanga likumuyankha. Kodi iwe, unayamba wafunsa chifukwa chake phanga limabweza mawu a munthu? Sunafunse. Ndiye tamvera malume ako.

Kalekale, miyala isanaume pakamwa, phanga lalikulu la m'phiri limenelo linkalankhula. Sindikunena zobwereza mawu ngati lero ayi. Lidali ndi mawu akeake, okhuthala, otuluka pang'onopang'ono ngati ng'oma yomveka kutsidya kwa dambo. Munthu mbuzi ikamusowa, ankapita kukaima pakhomo pa phangalo, n'kuomba m'manja, n'kufunsa. Phanga linkati, "Ili kuseri kwa chulu cha kumadzulo, chingwe chakodwa pachitsa." Alimi ankalifunsa za mvula. Amayi ankalionetsa bowa wachilendo kuti liwauze ngati ndi wodyedwa.

Koma lidali ndi khalidwe lake. Silinkanama, ndiponso silinkasankha nkhope. Kaya wafunsa ndi mnansi, kaya mlendo, kaya munthu woipa mtima, linkangonena zoona basi.

M'tsinde mwa phirilo mudali mudzi, ndipo pamudzipo padali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nachisale. Dothi lake ankakumba pafupi ndi phangalo, choncho masiku ambiri ankacheza nalo uku akukumba, ngati mmene anthu amachezera pamtondo. Mwamuna wake adali Kamzati, wofula njuchi, munthu wa mawu aakulu woti akaseka kumunda, kumudzi ankamva. Adali ndi mwana mmodzi wa kumsana, Sigele. Masiku amenewo mayi ake a Kamzati, a Nangondo, adali atabwera kudzaona mdzukulu wawo.

Nthawi imeneyo dziko lidali litayamba kununkha mantha. Kudali anthu a magoli, oyenda ndi mfuti, amene ankagwira anzawo, kuwamanga makosi pamitengo ya mphanda, n'kupita nawo kumene munthu sankabwerako.

Tsiku lina m'mawa, chimanga chili pa ngaiyaye, anthu adaona utsi wakuda ukutolotoka kutsidya kwa mtsinje. Aliyense adadziwa kuti utsi wa m'dzinja si wa lupsa. Posakhalitsa mayi wina adatulukira akuthamanga, nsalu ili nyankhalala, mapazi akuchucha magazi.

"Akubwera! Kwathu atentha konse! Thawani!"

Mudzi udasokonezeka. Kamzati adagwira mkazi wake padzanja.

"Make Sigele, bereka mwana. Utsogolere amayi, ana ndi okalamba kuphanga. Iwe ndiye umadziwa njira yachidule. Ife amuna tikawachedwetsa padooko."

"Nanga inu?"

"Ndikupezani. Zikatha ndidzakuitana ndekha. Fulumira!"

Adakwera phiri, wina atasenza nkhalamba, wina akukoka ana awiri, mpaka onse adalowa m'phanga n'kukhala kuseri kwa miyala. Kumusi kudamveka mfuti, phuu! phuu! Kenako zii.

Mudali mu zii mmenemo mmene a Nangondo adanong'ona mawu amene adaziziritsa aliyense.

"Ana inu, tabisala m'kamwa mwa wosanama. Anthu aja akafika n'kufunsa ngati muno muli anthu, phanga lino liyankha chiyani?"

Palibe adali ataganizapo zimenezo. Mayi wina adayamba kulira chamumtima. Kutuluka kudali kosatheka, chifukwa kumusi nyumba zidali zitayamba kale kuyaka.

Nachisale adakwawa n'kukagwada pamwala umene mawu a phanga ankatulukira, n'kuomba m'manja mwakachetechete.

"Inu a Phanga, mwamva zimene anena apongozi anga. Akabwera, muwauze kuti muno mulibe munthu."

"Sindingathe," lidatero phanga. "Mwala ulibe lilime lopinda."

"Kamodzi kokha! Taonani anawa."

"Ndikuwaona. Sindingathe."

"Ndiye mungokhala chete."

"Dziko lonse limadziwa kuti ndimayankha. Ndikakhala chete, adziwa kuti ndikubisa kanthu. Kukhala chete kwanga kukhala yankho."

Nachisale adagwira mutu. Kunja agalu a anthu aja adali atayamba kumveka m'munsi mwa phiri. Pamenepo nzeru ina idamubwerera.

"Nanga mutawabwezera mawu awo omwe? Chimene anena, inu munene chomwecho. Mawuwo si anu, ndiye simunaname."

Phanga lidayankha.

"Zimenezo ndingathe. Koma umvetse bwino, mnansi wanga. Kuti ndibweze mawu a ena, ndiyenera kumeza anga, ndipo ndikawameza sindingawabzikule ndekha. Wondimanga ndiye wondimasula. Uyenera kudzaima pakhomo panga, dzuwa likukuwomba, n'kunena kuti zatha. Kufikira pamenepo sindidzasankha. Aliyense woitana ndidzamubwezera mawu ake, ngakhale mwamuna wako, ngakhale iwe amene."

Agalu aja adauwa pafupi.

"Ndavomera," adatero Nachisale. "Mezani."

"Imva mawu anga otsiriza. Zikavuta, mulowe m'kati. Dzanja lamanzere lisachoke pakhoma, ndipo muzitsata kamphepo kokuwombani kumaso. Ndili ndi khomo lina kuseri kwa phiri."

Litatero, mudamveka kugunda kwakuya pansi pa miyala, ngati munthu wameza chinthu chachikulu, ndipo phanga lidatseka pakamwa.

Dzuwa lili paliwombo, anthu a magoli adafika. Nachisale ankawaona pa kamng'alu ka mwala. Wowatsogolera adali wamtali, wa chipsera chodutsa patsaya. Adaima pakhomo n'kuseka.

"Iwe phanga, mbiri yako tidaimva. Amati sunama. Muli anthu m'menemo?"

"Anthu m'menemo?" lidayankha phanga, ndi mawu a munthu yemweyo.

Kuseka kuja kudatha. Anzake adayang'anana.

"Wofunsa ndine!"

"Ndine!"

"Ukundinyoza?"

"Ukundinyoza?"

Chinthu chotere chidali chisanamvekepo padziko. Munthu kumva mawu ake akutuluka mumdima, iye ali panja! Mmodzi wa iwo adabwerera m'mbuyo.

"Akulu, tiyeni tichoke. Chinthuchi chakubani mawu. Kenako chikubani mzimu."

Wachipsera uja adamutukwana, n'kuloza mfuti m'phanga, n'kuomba. Phanga lidabweza kulirako ngati mfuti za gulu lonse la nkhondo, ndipo mileme idatuluka ili bii, kuwamenya kumaso. Ena adagwa chagada. M'katimo amayi adatseka ana pakamwa ndi zikhatho.

"Bweretsani uja tamugwira padooko!" adakuwa wachipsera.

Ana inu, amene adamukokera pakhomopo adali Kamzati. Goli lili m'khosi, diso limodzi litatupa, mwendo ukungokhwekhwereka. Nachisale adaluma nsalu kuti asakuwe. A Nangondo adafunsa monong'ona kuti akuona chiyani, koma iye adangokanikiza diso pa kamng'alu kaja.

"Mkazi wako ali m'menemo. Muitane," adatero wachipsera kwa Kamzati.

Kamzati adangoyang'ana pansi. Adamumenya ndi tsinde la mfuti. Adamuponda pa mwendo wothyoka uja, wina n'kumugwiritsa nsonga ya mkondo pamsana. Pamenepo mawu aakulu aja adatuluka akunjenjemera ngati a mwana.

"Nachisale! Tuluka, kuno kulibe choopsa!"

"Choopsa!" lidabweza phanga.

Sigele adamva mawu a bambo ake n'kuyamba kusuntha kuti alire. Mayi ake adamukankhira bere m'kamwa, misozi ikugwera pamutu pa mwanayo. Palibe adatuluka.

Kulowa m'katimo anthu a magoli adaopa. Koma wachipsera sadafune kuchoka chimanjamanja. Adalamula kuti aunjike nkhuni ndi masamba aawisi pakhomo, n'kuyatsa. Utsi woyera, wotsamwitsa, udayamba kukwawira m'kati ngati chamoyo.

"Dzukani," adanong'ona Nachisale. "Aliyense dzanja lamanzere pakhoma, lamanja ligwire nsalu ya amene ali patsogolo. Wosiya khoma watayika."

Adalowa mumdima. Inu mumati mdima ndi uja wa magetsi akazima. Ayi. Uwu ndi mdima woti ukaika chala m'diso osachiona chikubwera. Khoma lidali lozizira, loterera, ndipo nthawi zina pansi pa dzanja pankayenda kanthu ka miyendo yambiri, koma munthu osayerekeza kuchotsa dzanjalo. Pena denga linkatsika mpaka ankakwawa chamimba. Pena ankalowa m'madzi ofika m'mawondo, ozizira ngati akuluma. Adadutsa pamalo ena otakasuka pamene mapazi awo ankamveka kutali, ndipo kamphepo kankachokera uku ndi uku, kusonyeza kuti njira zagawikana zambiri. Nachisale adaima, n'kumvetsera ndi nkhope yake kumene kamphepo kankawomba kwambiri, n'kupitirira. Kutsogoloko adakwawanso pansi pa denga lotsika, n'kuolokanso madzi. Ngati kunja kudali kukadali masana kapena ayi, palibe ankadziwa.

Tsono zimene zidachitika kunja iwo sadazione. Kumwamba kudachita mdima, mphezi idang'amba mtengo pafupi ndi phanga, ndipo chimvula chidazimitsa moto uja. Phanga lidabweza kugunda kwa bingu mpaka nthaka idanjenjemera. Apa ngakhale wachipsera mtima udamuthawa. Adamasula goli m'khosi mwa Kamzati, poona kuti munthu wothyoka mwendo angowachedwetsa, n'kumusiya pomwepo kuti afisi amalize. Adatsika phiri osacheuka.

Kamzati atatsitsimuka adapeza ali yekha. Adakwawa mpaka pakhomo pa phanga.

"Inu a Phanga, anthu anga ali moyo?"

"Ali moyo?"

Iye sankadziwa za pangano lija. Adangoona kuti phanga lasintha, ndipo mantha adamugwira. Adasonkhanitsa mphamvu zonse n'kukuwa.

"Make Sigele! Apita! Ndili ndekha!"

Mawuwo adayenda m'mimba mwa phiri, khoma kupatsira khoma, mpaka adawapeza anthu aja kutali m'katimo. Mzere wonse udaima.

"Ndi bambo a Sigele," adatero Nachisale. "Akuti apita."

"Yenda, mwana wanga," adatero a Nangondo kumbuyo kwake. "Poyamba pajanso anati kulibe choopsa."

"Poyamba paja mawu awo amanjenjemera. Tamvani tsopano. Umu ndi mmene amaitanira akamachokera ku njuchi. Ali okha, amayi."

"Amene akuitanayo ndinabala ndine. Ukuganiza kuti mawu akewo sakundibaya? Koma mkondo ukakhala pamsana, munthu amaphunzira kuitana bwino. Ukabwerera, uwatsogolera kwa ana onsewa."

"Mwendo wawo wathyoka. Ndinauona. Kukada afisi awapeza."

Za mwendozo a Nangondo adali asanazimve. Amayi ena adayamba kunong'ona mwaukali: "Tiyeni! Tifere munthu mmodzi tonsefe?" Mawu aja adabweranso, ofooka pang'ono.

"Nachisale! Ndiyankhe!"

Nachisale adamasula mbereko mumdimamo, n'kufufuza manja a apongozi ake, n'kuikamo mwana.

"Ndipita ndekha. Akandigwira ndikanena kuti ndinali ndekha. Inu pitirirani, kamphepo kakhale kumaso."

"Mwanayu akuyamwa, make Sigele!"

"Ndikupezani asanamve njala."

Adatembenuka, n'kuika dzanja lamanja pakhoma, n'kuyamba kubwerera. Poyamba zidayenda bwino. Adaoloka madzi aja, adakwawa pa denga lotsika lija, mpaka adafika pamalo otakasuka paja pogawikana njira. Pamenepo mawu a mwamuna wake adamveka pafupi kwambiri, cha kumanzere, ngati munthu ali kuseri kwa chitseko.

"Nachisale!"

Mtima udamutsogolera. Adasiya khoma n'kuthamangira kumene kudachokera mawuwo.

"Ndili pano! Ndikubwera!"

"Ndikubwera! Ndikubwera! Ndikubwera!" Mawu ake omwe adamuzungulira, kutsogolo, kumbuyo, pamwamba. Adaima. Kamzati adaitananso, koma tsopano mawuwo adachokera kumanja. Adapita kumanja. Adaitananso, mawu n'kuchokera kumbuyo. Adatambasula manja kufuna khoma lija, n'kupeza khoma, koma sadadziwe ngati ndi lomwe lija kapena lina.

"Inu a Phanga!" adakuwa. "Zatha! Ndakumasulani! Ndiuzeni njira!"

"Njira!"

"Ndine Nachisale, mnansi wanu! Ndithandizeni!"

"Ndithandizeni!"

Phanga linkamva zonse. Linkadziwa njira iliyonse ya m'mimba mwake, linkadziwa kuti mayiyo akangotembenukira uku n'kuyenda pang'ono aona kuwala. Koma mawu ake adali pansi pa miyala, ndipo womasula adali mumdima, osati padzuwa.

Kamzati naye adamva mkazi wake akulira m'katimo. Sadadikire. Adayamba kukwawa kulowa, akukoka mwendo wake, akuitana. Anthu amene adapitirira aja ankawamva awiriwo kumbuyo kwawo, uyu kuitana, uyo kuyankha, phanga n'kumwaza mawuwo m'njira zonse mpaka osadziwika woitana ndani, woyankha ndani. A Nangondo ankayenda akulira, mdzukulu ali pachifuwa. Mawu aja adanka nachepa, nachepa, mpaka adatsala madzi okha akudontha.

Gulu lija lidatulukira kuseri kwa phiri, onse amoyo, maso akuwawa ndi kuwala. Anthu a mudzi wa kumeneko adawalandira, ndipo mayi wina amene adali ndi khanda adayamwitsa Sigele pamodzi ndi wake. Amuna a kumeneko adazungulira phiri ndi miuni kukafuna awiri aja. Pakhomo adapeza phulusa lonyowa, ndi mkukuluzi wa munthu wokwawa wolowera m'kati. Adautsata mpaka pamene dothi lidathera n'kuyamba mwala wokhawokha. Adaitana, phanga n'kuwabwezera. Adalowa mpaka miuni idatsala pang'ono kuzima, n'kubwerera. Adayesanso masiku ena ambiri. Nachisale ndi Kamzati sadapezeke, ngakhale fupa.

Sigele adakula ndi agogo ake, ndipo atakhala mayi wa ana ake adamva nkhani yonse. Adakwera phirilo tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, n'kuima pakhomo penipeni, n'kuomba m'manja.

"Inu a Phanga, ndine mwana wa Nachisale. Anthu a magoli adapita kalekale. Zatha."

"Zatha," lidatero phanga, ndi mawu a Sigele yemweyo.

Adadikira mpaka mthunzi udamupeza. Palibe china chidatuluka. Magazi adali amodzi, koma pakamwa padali pena.

Ndi chifukwa chake lero phanga silinena kanthu kakekake. Ukalifunsa limakufunsa, ukalitukwana limakutukwana, ukalira limalira nawe koma osakuuza njira. Mapanga ena onse, ngakhale zigwa ndi mapiri, adatengera mkulu wawo. Likudikirabe mayi uja kuti adzaime padzuwa.

Mwandida, ukufunsa kuti bwanji silingotopa n'kulankhula? Mwala sutopa, mwana wa mlongo wanga. Ndi ife anthu timatopa.

Ndiye Loweruka tikakafika, mukayende pambuyo pa bambo wotilondolera, aliyense tochi yake m'manja. Wina akakatsalira n'kupeza ali yekha, akakhale pansi pomwepo, osasuntha, ife tikamupeza. Asakatsate mawu, ngakhale akamveke ngati anga, ngakhale akamveke pafupi bwanji.

Ndipo iwe Fatsani, ngati ukufunabe kukakuwa dzina lako, sindikuletsa. Ukakuwe uli pakhomo, dzuwa likukuwomba. Koma ukakatero ukakhale chete, ukamvetsere bwinobwino mpaka mawuwo athe. Alipo anthu amene amati nthawi zina, mawu ako akatha, kumatsala ena kutali m'katimo, a munthu wamkazi, akufunsa njira.